Sabata ziwiri ku Edinburgh osalawa nyama

Akonzi, ndiloleni ndigawane ndi awerengi anzanga zomwe ndidaona ndi kudya ku Edinburgh, likulu la dziko la Scotland, komwe ndidapitako kachiwiri mu June 2024. Ulendo woyamba udali wa mu November 2017.

Ndikudziwa kuti wina wafunsa kale kuti mphunzitsi wa sekondale yoyendera ya kumudzi, wa dipuloma, amene malipiro ake safika pa 15, adakwera bwanji ndege kawiri. Yankho ndi ubale wa masukulu. Mu 2005 Pulezidenti Bingu wa Mutharika ndi nduna yaikulu ya Scotland pa nthawiyo, Jack McConnell, adasainirana pangano la mgwirizano mumzinda womwewu, ndipo kuyambira apo masukulu ambiri a kuno adapeza anzawo kumeneko. Yathu, yomwe ili m'boma la Phalombe, ndi imodzi mwa iwo. Ndalama ya ndege amasonkha ndi ana a sukulu ya kumeneko ndi makolo awo. Ine yanga idali ya pasipoti ndi ya basi yopita ku Lilongwe.

Ulendo woyamba tidapita anthu anayi ndipo tidakhala masiku 6. Tsiku lililonse lidali ndi ndondomeko yake: m'kalasi m'mawa, msonkhano masana, kuyankhula kutchalitchi madzulo. Mzindawo tidauonera pawindo la basi, ndipo pomakwana 4 koloko madzulo kunkakhala kutada kale. Otilandira adali atamva kuti Mmalawi amadziwa kuti walandiridwa akaona nyama m'mbale, choncho amatiphikira nkhuku lero, ng'ombe mawa, nkhosa mkuja. Tidabwerako masaya atatuluka.

Ulendo uno ndidapita ndekha kwa sabata ziwiri, ndipo ndidafikira kunyumba kwa mphunzitsi mnzanga wa kumeneko, mayi amene adabwerapo kusukulu kwathu kawiri. Ine ndimawaitana kuti achemwali, iwo amandiitana kuti aphunzitsi, mawu omwe adawatola kuno. Ndisadanyamuke adandilembera uthenga pa WhatsApp wondichenjeza kuti banja lawo lonse lidasiya kudya chilichonse chochokera ku nyama. Sadya nyama, nsomba, mazira, mkaka, ngakhale uchi. Anthu otere amatchedwa ma-vegan. Adati ngati ndikufuna, andigulira nyama yangayanga. Ndidawayankha kuti ndidzadya zomwe eni nyumba akudya. Anzanga mu sitafurumu atamva, adaseka mpaka misozi. Mmodzi adati, “Aphunzitsi, kwa eni kumadyetsa nthanga dzungu ukulifuna. Tengani bonya m'chikwama.”

Ndisadafike pa za m'mbale, ndiyambe ndanena za mzindawo, pakuti ulendo uno ndidauyenda ndi mapazi anga.

Ndege idatera cha m'ma 8 koloko madzulo, dzuwa likadali m'mwamba. Mu June kumeneko dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku, ndipo pomafika 4:30 m'mawa limakhala litatuluka. Ndimaphunzitsa Jogalafe ndi Zaulimi, ndipo nkhani ya kupendekeka kwa dziko ndimaifotokoza chaka ndi chaka ndi mpira ndi tochi. Tsopano mzinda umodzi ndauona mu mdima wa 4 koloko madzulo komanso mu kuwala kwa 10 koloko usiku. Ndidajambula wotchi yanga dzuwa lili kumbuyo kwake kuti ana a Fomu 1 adzaone okha.

Kuchokera ku bwalo la ndege tidakwera sitima yamagetsi yoyenda mumsewu pamodzi ndi magalimoto. Mu 2017 inkathera pakati pa mzinda, pa York Place, koma kuyambira mu June 2023 imapitirira mpaka ku Newhaven, m'mbali mwa nyanja, kudutsa ku doko la Leith. Pa zaka 7 zomwezo, msewu wopita kusukulu kwathu udakali womwe uja, woti mvula ikagwa njinga imakwera munthu.

Edinburgh ndi mzinda wamiyala. Nyumba yachifumu yamalinga idamangidwa pamwamba pa thanthwe lomwe ndi chotsalira cha phiri lamoto lomwe lidazima kalekale. Kuchokera pamenepo msewu wotchedwa Royal Mile umatsetsereka pafupifupi makilomita awiri mpaka ku Holyrood, komwe kuli nyumba ina yachifumu ndi nyumba ya malamulo ya Scotland yomwe idatsegulidwa mu 2004. Tsiku lililonse kupatula Lamulungu, nthawi ikakwana 1 koloko masana, pa lingalo amaomba mzinga. Mwambowu udayamba mu 1861 kuti oyendetsa zombo pa doko azikonzera mawotchi awo. Mzingawo ukaphulika, mlendo umamudziwa chifukwa amadumpha, pomwe mwini mzinda amangoyang'ana pa mkono.

Loweruka tidakwera Arthur's Seat, phiri lomwe lili mkati mwenimweni mwa mzinda. Amuna awo a achemwali adavala nsapato zokwerera mapiri, natenga ndodo ndi botolo la madzi. Ine ndidakonzeka mtima. Titafika pamwamba ndidafunsa kuti phiri lija tiyamba liti. Ndi lotalika mamita 251, pomwe Sapitwa, amene amandiyang'ana m'mawa uliwonse ndikamatsuka m'kamwa, ndi mamita 3,002. Komabe kaphiri kameneko sikochepa pa maphunziro. M'mbali mwake muli matanthwe a Salisbury Crags, omwe James Hutton, mwana wa mumzindawo amene adamwalira mu 1797, adawaphunzira nazindikira kuti miyala ina idali yamadzimadzi ndi kutentha isadaume, ndi kuti dziko ndi lakale kwambiri kuposa mmene anthu ankaganizira. Zomwe ndimalemba pa bolodi za mitundu ya miyala zina zidayambira pamenepo. Ndidaligwira thanthwelo ndi dzanja.

Mmalawi sayenda nthawi yaitali mu Edinburgh asadakumane ndi mbiri ya kwawo. M'munda wa maluwa wa Princes Street muli chiboliboli cha David Livingstone atagwira Baibulo. Munthuyu adabadwira ku Blantyre wa ku Scotland mu 1813, adafika pa nyanja yathu mu 1859, ndipo mishoni ya Blantyre wa kuno idakhazikitsidwa mu 1876 pomukumbukira. Pa Nicolson Street pali Surgeons' Hall, nyumba ya madokotala a opaleshoni, ndipo ndi mumzinda uno momwe Hastings Kamuzu Banda adapezera ziphaso zaudokotala mu 1941 zomulola kugwira ntchito m'maiko a Britain. Ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya National Museum of Scotland, komwe kulowa ndi kwaulere, ndidaona Dolly, nkhosa yomwe akatswiri a ku Roslin adaipanga mu 1996 kuchokera ku kachidutswa ka thupi la nkhosa ina, popanda tonde wa nkhosa. Adaiumika ndipo ili m'galasi, ubweya wake uli mbuu ngati nkhosa ina iliyonse ya kwa Migowi.

Tsopano za m'mbale. M'mawa tinkadya phala la oats, mbewu yofanana ndi tirigu yomwe ndi chakudya chakale cha anthu a ku Scotland. Mkaka wothira mu tiyi udali wa oats womwewo kapena wa soya. Masana kusukulu ndinkatenga buledi wopaka nsinjiro zosinjidwa mpaka kutuluka mafuta, chiponde chathu chomwechi, koma cha m'botolo. Madzulo achemwali ankaphika nyemba, mphodza, bowa, kabichi, mbatatesi kapena mpunga. Tsiku lachitatu ndidazindikira kuti palibe chachilendo chomwe ndadya. Mimba yanga idali kwawo.

Tidadyanso kunja katatu. Koyamba kudali ku Hendersons, malo odyera osaphika nyama omwe ndi akale kwambiri mumzindawo. Adayamba ndi mayi wina mlimi, Janet Henderson, pa Hanover Street mu 1962, kuti azigulitsa masamba a m'munda mwake. Malo akalewo adatsekedwa mu 2020 pa nthawi ya Covid-19, ndipo a m'banja lomwelo adatsegula ena mu 2021 cha ku Bruntsfield. Ndidaitanitsa haggis, chakudya chomwe Asikoti amanyadira. Haggis weniweni ndi zam'kati za nkhosa, mtima, chiwindi ndi mapapo, zodulidwa tizidutswa ndi kusakaniza ndi oats ndi anyezi. Ameneyo ndidamudya mu 2017. Uyu wa ulendo uno adali wa nyemba, mphodza, oats ndi tsabola, ndipo wa mtundu umenewu adayamba kupangidwa mu 1984. Adabwera ndi mbatatesi yosinja. Amakoma, ndipo wondifunsa ndingamuuze kuti ndi msuweni wa chipere.

Kachiwiri tidapita ku malo odyera a Amwenye, kufupi ndi yunivesite. Adatibweretsera timbale tambiri pa thireyi imodzi, ndipo pakati padali msuzi wachikasu wotchedwa dal. Nditalawa ndidaima kaye. Ndidafunsa mnyamata woperekera zakudya kuti adaphika ndi chiyani, ndipo adandibweretsera timbewu touma m'kasosala. Adali nandolo wochotsa makoko ndi kuswa pakati. Nandolo yemweyu amene amayi anga amabzala m'mizere ya chimanga, amene timadya makata ake mu July, amene mavenda amabwera ndi masikelo kudzagula kuti apite ku India. Mu 2021 dziko la India lidasainirana ndi Malawi pangano logula matani 50,000 a nandolo chaka chilichonse kwa zaka zisanu. Mbale ya munthu mmodzi usiku umenewo idali mapaundi 14, ndalama yopitirira K30,000 pa mtengo wa kubanki, ndipo anthu adali pa mzere kudikira mipando.

Lamulungu ndidaimbira foni mlongo wanga kuti ndiyankhule ndi amayi. Funso lawo loyamba lidali la chakudya. Nditawauza, adakhala chete pang'ono, kenaka adati, “Iwe, masamba ndi nyemba sabata yonse? Kodi anthuwo ndi ovutika? Ukadanena tikadakupatsira nkhuku.” Ndidawauza kuti ali ndi galimoto ndi nyumba yosanja. Adati, “Ndiye kuti ndi oumira.”

Amayi adayankhula mmene ambirife timaganizira. Kuno ndiwo zamasamba ndi nyemba timazitenga ngati chizindikiro cha umphawi. Mwana akafunsidwa kuti wadyera chiyani, ngati ndi chisoso amayang'ana pansi. Mlendo akafika nkhwani zili pamoto, mayi amapepesa kuti “mwatipeza tilibe ndiwo.” Ku masukulu ogonera komweko ana amachita ziwawa chifukwa cha nyemba za tsiku ndi tsiku. Ku Edinburgh munthu wa digiri amavala jekete, kukwera basi, kukalipira ndalama zambiri kuti adye zomwe ife timapepesa nazo.

Ndidawafunsa achemwali chifukwa chake. Adati mawu oti vegan si atsopano, adawayambitsa ndi Donald Watson ndi anzake ku England mu 1944. Ena amasiya nyama chifukwa chomvera chisoni ziweto zomwe zimakulira m'makola othinana osaona dzuwa, ena chifukwa cha matenda a mtima ndi kunenepa. Iwo adasiya chifukwa cha kusintha kwa nyengo. Lipoti la bungwe la FAO la mu 2013 lidati ziweto zimatulutsa magawo 14.5 pa 100 aliwonse a mpweya wotenthetsa dziko umene umadza ndi zochita za anthu. Adandikumbutsa za namondwe Freddy wa mu March 2023, amene adakokolola midzi ku Phalombe, Mulanje, Chiradzulu ndi Blantyre napha anthu oposa 1,000. Ana ena a m'kalasi mwanga adataya makolo ndi nyumba. Adati, “Aphunzitsi, maiko athu ndi amene adaononga mlengalenga, koma matope adagwera inu. Kusiya nyama ndi kochepa komwe ine ndingathe.”

Ndidawalemekeza chifukwa cha mawu amenewo, ndipo ndikuwalemekezabe. Koma nanenso ndidawauza zanga. Iwo akatsegula fuliji amasankha chomwe asadye. Mwana wa kwathu sasankha. Pa tebulo lawo padali kabotolo ka mapilitsi a vitamini B12, yemwe amapezeka m'zakudya zochokera ku nyama ndipo thupi limamufuna popanga magazi. Iwo amamugula ku sitolo, ndipo ngakhale mkaka wawo wa soya adathiramo kale. Mwana wa ku Phalombe B12 wake ali mu dzira, mu usipa, mu matemba a ku Chilwa. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko muno wa mu 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ndi okwinimbira. A zaumoyo amatiphunzitsa magulu 6 a zakudya, ndipo limodzi mwa iwo ndi la zochokera ku nyama. Ndidati wofunika kuchepetsa nyama ndi amene amaidya katatu pa tsiku, osati amene amaiona pa Khirisimasi. Achemwali adavomera, ndipo adati sadaganizepo zouza Mmalawi kuti asiye usipa.

Choncho sindikulemba kalata ino kuti owerenga akatsegule makola. Pali Arasta ndi Akhristu ena a mpingo wa Adventist amene sadya nyama kuno komwe, ndipo ndi ufulu wawo. Ine tsiku lomwe ndidafika kunyumba, mayi a kunyumba adapha tambala ndipo ndidadya mpaka mafupa. Nkhawa yanga ili pa manyazi, chifukwa manyaziwo akutidyera thanzi ndi ndalama.

Taonani zomwe zimachitika nthawi yokolola. Mlimi amagulitsa nandolo yense, soya yense, mtedza wonse, osasiyako ngakhale ndowa imodzi, pa mtengo umene venda wanena. Ndalamayo ina imapita ku fizi ndi feteleza, zomwe n'zomveka, koma ina imathera pa zakumwa zotsekemera, masikono ndi tchipisi pa tsiku la msika, chifukwa zimenezo ndiye zikuoneka zachitukuko. Pofika October pakhomo palibe nyemba, ana akudyera nsima thelere lokha, ndipo soya uja tikumugulanso m'timapaketi ta soya pisi pa mtengo wokwera. Ngakhale phala lomwe bungwe la Mary's Meals, lochokera ku Scotland komweko, lakhala likupereka m'masukulu a pulayimale kuno kuyambira mu 2002 ndi la chimanga ndi soya, mbewu zomwe zili m'minda yathu.

Taonaninso zomwe zikutha. Agogo anga ankadziwa kufutsa masamba. Chitambe, khwanya ndi nkhwani ankaziwiritsa pang'ono, kuziyanika pa mphasa, n'kuzisunga m'zikwatu kuti chilimwe chisativute. Ankadziwa luni, denje, bonongwe, kholowa ndi chigwada, ndi kuti ndi ziti zimafuna chidulo, ndi ziti zimafuna nsinjiro. Ankaphika kalongonda tsiku lonse, kutaya madzi kangapo kuti asaledzeretse. Nzama zidali pakhomo lililonse. Lero ndikafunsa ana a Fomu 2 kuti atchule ndiwo zamasamba zisanu, amati kabichi, repu, tchayinizi, mpiru, kenaka amakanda m'mutu. Zonsezo ndi zofuna mbewu yogula, feteleza ndi mankhwala, pomwe bonongwe ndi chisoso zimamera zokha ndipo timazipalira ngati udzu. Akulu adati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Usiku wanga womaliza ku Edinburgh ndidaphika ine. Ufa wa chimanga tidaupeza ku sitolo ina ya zakudya za ku Africa ku Leith. Nkhwani kulibe, choncho ndidatendera sipinachi ndi chiponde cha m'botolo, ndidaphika nyemba zofiira ndi anyezi ndi matimati, ndi futali wa mbatata. Padabwera aphunzitsi ena anayi. Ndidawaphunzitsa kusamba m'manja ndi kutema mbamu. Mphika wa masamba otendera ndi umene udayamba kutha, ndipo mayi wina adatulutsa foni kuti alembe kaphikidwe kake. Adandifunsa kuti nsinjiro zimakhala magalamu angati. Ndidati timayeza ndi dzanja. Adatenga sikelo, nandiuza kuti nditape mmene ndimatapira, naziyeza.

Sikelo imeneyo idandipatsa ntchito. Teremu ino ndatuma ana anga a Fomu 3 kuti aliyense akakhale pansi ndi agogo ake kapena mayi wachikulire wa m'mudzi mwawo, akalembe ndiwo imodzi yosagula: dzina lake, komwe imamera, mwezi womwe imapezeka, kaphikidwe ndi kasungidwe kake. Pofika lero tili ndi mitundu 23 m'kope, ina yoti ine mwini ndidali ndisadaimvepo. M'munda wa sukulu tapatula mizere inayi ya bonongwe, luni, nzama ndi khobwe pambali pa kabichi wa masiku onse. Pa msonkhano wa makolo ndidapempha kuti pokolola nandolo chaka chino, banja lililonse liyambe lapatula thumba la pakhomo venda asadafike ndi sikelo yake, ndi kuti nkhuku ikaikira, dzira lina lizipita kwa mwana wamng'ono. Bambo wina adafunsa ngati zimenezi ndi zomwe ndidakaphunzira ku Ulaya. Ndidati eya, ndipo anthu adaseka.

Aphunzitsi anzanga a Zaulimi ku Mzimba, Dedza, Nsanje ndi kwina konse, ngati muli ndi maina a ndiwo za kwanu ndi kaphikidwe kake, lembani pa tsamba lino kuti tiwonjezere m'kope lathu mvula yoyamba isadagwe.